Mano ovala a munthu amene mano ake onse anatha: kodi kudikira miyezi itatu n'kofunikadi?

Mwana wa ku Katete, Chilenje

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumawerenga pano. Ndili ndi funso lokhudza mayi anga, amene ali ndi zaka za m'ma 70 ndipo kwawo ndi kumudzi ku Katete, ngakhale kuti pakali pano ali kwanga kuno ku Chilenje mu Lusaka. Kwa zaka zambiri akhala akuvutika ndi chiseyeye, moti mano awo ankagwedera n'kumaguluka limodzilimodzi, ndipo mu Ogasiti dokotala wa mano anazula ochepa amene anatsala chifukwa panalibenso njira yowapulumutsira. Tsopano mkamwa mwawo mulibe dzino ndi limodzi lomwe, m'mwamba ndi m'munsi momwe. Zilonda za pamene anazula zikuoneka kuti zatsekeka, ndipo eni ake akunena kuti sakumvanso ululu.

Dokotala anatiuza kuti tidikire miyezi itatu asanayambe kuwapangira mano ovala, ndiponso kuti ntchitoyo ikadzayamba tidzafunika kupitako maulendo angapo. Apa ndi pamene pabuka kusamvana m'banja mwathu. Mayi akufuna kubwerera kumudzi mvula isanagwe chifukwa cha kumunda, pamene alongo anga akunena kuti kudikira konseku ndi njira chabe yotidyera ndalama, popeza anamva kuti m'tawuni muno muli malo ena kumene munthu amatengedwa muyeso m'mawa n'kulandira mano ake mawa lake. Ineyo chimene chikundiwawa mumtima n'chakuti mayi asiya kudyera pamodzi ndi anthu. Ndiwo zawo zangokhala therere ndi mazira, nyama ndi kapenta anazileka, ndipo alendo akabwera amaphimba pakamwa ndi chitenje polankhula. Kutchalitchi kumene ankayambitsa nyimbo sakufunanso kupitako.

Ndikupempha amene mumaidziwa ntchito imeneyi, komanso amene mumavala mano otere, kuti mundifotokozere chifukwa chenicheni chodikirira, zimene zimachitika pa maulendo onsewo, ndiponso ngati mayi adzathe kudya nsima ndi ndiwo monga ankachitira kale. Ndiwonjezere kuti ali ndi matenda a shuga ndipo amamwanso mankhwala a kuthamanga kwa magazi tsiku ndi tsiku.

Mmisiri wa mano, Kabwata

Amayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Ine ntchito yanga ndi yopanga mano ovala mu labotale, ndipo ndinene mosapita m'mbali kuti dokotala wanuyo sakukunamizani. Chimene chimatichititsa kudikira si chilonda chimene mukuchiona ndi maso, koma fupa limene lili pansi pake. Fupa la nsagwada limene limagwira mizu limakhalapo chifukwa cha manowo, ndipo dzino likangochoka thupi limayamba kulisungunula pang'onopang'ono. Nkhama zimatsala ngati mzere wa m'munda, umene umakhala wautali ukangoungidwa kumene koma umanka nuphwa mvula ikamagwa. Kuphwa kumeneku kumathamanga kwambiri m'miyezi itatu mpaka 6 yoyambirira, kenako kumachepa liwiro koma sikuleka mpaka munthu atamwalira, ndipo pa zaka zambiri nsagwada ya m'munsi imatha pafupifupi kuwirikiza kanayi poyerekeza ndi ya m'mwamba. Tikatenga muyeso lero, patangopita mwezi umodzi, tidzapanga mano olingana ndi nkhama zimene pofika Khirisimasi zidzakhala zitasinthiratu, ndipo manowo adzayamba kugwedera ndi kugwa pakamwa mayi akamalankhula.

Tsopano ndifotokoze za maulendo, amene kawirikawiri amakhala asanu. Pa ulendo woyamba dokotala amaunika mkamwa monse, ndipo nthawi zina amajambula X-ray kuti aone ngati munatsalira chidutswa cha muzu kapena fupa losongoka limene lingamabaye nkhama. Kenako amatenga muyeso woyamba ndi ufa wotchedwa alginate, umene umachokera ku ndere za m'nyanja yamchere ndipo ukasakanizidwa ndi madzi umalimba m'mphindi zochepa. Muyeso umenewu ndi wongoyambira chabe, chifukwa thireyi imene amautengera ndi ya aliyense. Ife timathiramo pulasitala, timapeza chifanizo cha nkhama, ndipo pa chifanizocho timapanga thireyi ina yolingana ndi munthu mmodzi yekhayo.

Ulendo wachiwiri ndi umene ine ndimauona kuti ndi mtima wa ntchito yonse, ndipo ndi umene opanga mano a tsiku limodzi amaudumpha. Dokotala amamata phula lofewa m'mphepete mwa thireyi ija, amailowetsa mkamwa, ndipo amauza wodwala kuti asuntheasunthe milomo, afunye masaya, atulutse lilime ndi kulipititsa uku ndi uku, kuti minofu ya mkamwa iumbe yokha malire amene mano ovala adzafike. Akatero amatenga muyeso wachiwiri ndi mankhwala ena amene amatola ngakhale timakwinya ting'onoting'ono ta nkhama. Kufunika kwake n'kwakuti mano ovala a m'mwamba sagwira ndi guluu kapena waya. Amagwira chifukwa pakati pa pulasitiki ya manowo ndi nkhama pamakhala malovu opyapyala kwambiri, ndipo m'mphepete monse mumatsekeka moti mpweya sungalowe. Mphepete ikafupika mpweya umalowa ndipo mano amagwa, pamene ikatalika imacheka nyama, komanso minofu imaikankha nthawi iliyonse munthu akayasamula kapena kuseka. Kusiyana kwa mano ogwira bwino ndi mano ogwedera nthawi zambiri kumakhala mamilimita awiri okha m'mphepete muno.

Pa ulendo wachitatu mkamwa mumalowa zidutswa ziwiri za phula zimene zimaimira mano, ndipo dokotala amazisema mpaka atapeza kutalika koyenera kwa nkhope ndi mmene nsagwada ziwirizo zimakumanirana. Munthu akakhala phee, osalankhula ndiponso osatafuna, mano a m'mwamba ndi a m'munsi sagundana, koma pamatsala mpata wa mamilimita 2 mpaka 4, ndipo mpata umenewu uyenera kusungidwa. Tikapanga mano aatali kwambiri, amagundana ndi kumalira munthu akamalankhula, nsagwada zimatopa ndipo nkhama zimapweteka ponseponse. Tikapanga aafupi, chibwano chimayandikira mphuno, nkhope imaoneka yokalamba kuposa msinkhu wake, ndipo m'ngodya za milomo mumakhala malovu mpaka mumang'ambika. Tsiku limeneli ndi losankhanso kukula ndi mtundu wa mano. Ngati muli ndi chithunzi chakale chimene mayi akumwetulira, mupite nacho, chifukwa chimatithandiza kubwezeretsa nkhope imene inu mumaidziwa, ngakhale kampata ka pakati pa mano akutsogolo ngati anali nako. Anthu ambiri amaloza mano oyera kwambiri, koma ine ndimawalangiza kuti asatero, popeza mano oyera mbee pakamwa pa munthu wachikulire amaoneka patali kuti ndi ovala.

Ulendo wachinayi ndi woyesa. Mano onse amakhala atandandalikidwa pa phula, 14 m'mwamba ndi 14 m'munsi, chifukwa pa mano 32 a munthu wamkulu sitiikapo anayi a kumapeto kwenikweni. Mayi adzawavala, adzadziyang'ana pagalasi, ndipo adzalankhule mawu monga masamba, sefa ndi mfumu kuti timve ngati lilime ndi milomo zikupeza malo ake. Pamenepa musachite manyazi kunena chilichonse chimene simunakhutire nacho, chifukwa dzino lili pa phula timalisuntha mosavuta, pamene likalowa mu pulasitiki kulisintha kumafuna kuyambiranso ntchito. Mukavomereza, ife timaika zonse m'chikombole, timasungunula phula ndi madzi otentha, timathiramo pulasitiki yotchedwa acrylic, ndipo timaiphika kwa maola angapo tisanaisalaze. Pulasitiki imeneyi inayamba kugwiritsidwa ntchito m'chaka cha 1937, kulowa m'malo mwa labala wolimbitsidwa amene ankagwiritsa ntchito kale, ndipo ndi yabwino ikaphikidwa mokwanira. Ikaphikidwa mothamanga imatsala ndi timabowo tosunga litsiro komanso mankhwala osapsa amene amaotcha nkhama. Ulendo wachisanu ndi wolandira mano, koma ntchito siithera pomwepo, chifukwa pakapita tsiku limodzi kapena awiri pamafunika kubwereranso kuti apale malo amene akutsina, ndipo kubwerera kotere kumachitika kangapo.

Kwa alongo anuwo, ndinganene kuti ali ndi ufulu wofunsa za ndalama, ndipo n'kwanzeru kupempha mtengo wonse ntchito isanayambe, kuphatikizapo maulendo okonzetsa. Koma aliyense amene adzaike dzanja mkamwa mwa mayi ayenera kukhala ndi chiphaso cha bungwe la Health Professions Council of Zambia, ndipo mukhoza kupempha kuchiona. Amisiri ambiri a muno tinaphunzira ku Dental Training School ku Thornpark, ndipo tinaphunzitsidwa kuti ife timagwira ntchito pa zifanizo zimene dokotala watitumizira ataunika wodwala. Munthu amene akutenga muyeso popanda kuunika nkhama ndi fupa akupanga chinthu chokongola pa tebulo, koma chimene mwina sichidzatafuna.

Mkulu wopuma pa ntchito, Matero

Mwana wanga, zimene afotokoza amisiriwa ndi zoona, ndipo sinditsutsapo kanthu pa za fupa. Ine ndavala mano otere kwa zaka zambiri tsopano, ndiye ndikufuna ndilankhule za mbali imene wopanga saiona, imene ndi ya kuphunzira kukhala nawo.

Choyamba, musawalonjeze mayi anu kuti adzabwerera mmene analili ali ndi mano awoawo. Mphamvu yotafunira ya mano ovala ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya mano obadwa nawo, chifukwa awa amangokhala pamwamba pa nyama pamene aja anazika mizu m'fupa. A m'mwamba savuta kwenikweni, popeza ali ndi malo aakulu ogwirapo kumwamba kwa mkamwa. A m'munsi ndi amene amayesa mtima wa munthu. Amakhala pa kamzere kakang'ono, lilime likuwakankha mkati, masaya ndi mlomo zikuwakankha kunja, ndipo munthu amayenera kuphunzitsa lilime lake kuti lizigona kutsogolo n'kumawapanikiza m'malo mowanyamula. Ndikudziwa anzanga angapo a msinkhu wanga amene amavala a m'mwamba okha, a m'munsi anawakulunga m'kansalu n'kuwaika m'sutikesi, ndipo ambiri a iwo vuto silinali kapangidwe ayi, koma panalibe amene anawauza kuti masabata oyambirira amakhala ovuta kwa aliyense.

M'masiku oyamba malovu amachuluka, mkamwa mumamveka modzaza, ndipo ena amachita nseru. Zonsezi zimatha zokha. Pa chakudya, ayambe ndi phala, nsima yofewa, nyemba zopsa bwino, chiwawa chotendera, mazira ndi nsomba yochotsa minga. Mbamu ikhale yaing'ono, ndipo aziika chakudya mbali zonse ziwiri za mkamwa nthawi imodzi n'kumatafuna pang'onopang'ono, chifukwa akatafunira mbali imodzi mbali inayo imatukuka. Kuluma ndi mano akutsogolo ndi kumene kumagwetsa mano a m'mwamba, choncho chimanga chowotcha achitongole ndi zala, ndipo mango ndi nzimbe azidule ndi mpeni. Nyama adzadya ndithu ngati yaphikidwa mpaka kufewa ndi kudulidwa tizidutswa. Nshawa zokazinga ndi zimene zimandivutabe mpaka lero, chifukwa tizidutswa take timalowa pansi pa pulasitiki n'kumabaya nkhama. Asamalenso ndi tiyi ndi phala lotentha, popeza pulasitiki imaphimba kumwamba kwa mkamwa ndipo munthu samva msanga kuti chinthu chikuotcha mpaka chitafika kummero.

Pa nkhani ya kulankhula, mwanena kuti mayi ankayambitsa nyimbo kutchalitchi, ndipo zimenezo zidzawathandiza kwambiri. Azikhala okha m'chipinda n'kumawerenga Baibulo mokweza ndi kuimba nyimbo zimene amazidziwa pamtima, ndipo lilime lidzazolowera mofulumira kuposa mmene angaganizire.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha amisiri kuti achiganizirenso. Kwa inu miyezi itatu ndi nthawi yochepa, koma kwa munthu amene akubisa pakamwa ndi chitenje ndi nthawi yaitali kwambiri. Munthu wachikulire akazolowera kudyera yekha kuseri ndi kupewa anthu, sizichedwa kuti thupi lichepe ndipo mtima ufooke. Kodi palibe chimene angavale podikirapo?

Mwana wa ku Katete, Chilenje

Zikomo kwambiri abambo nonse awiri. Ndawawerengera mayi mayankho anu, ndipo nkhani ya fupa lophwa aimvetsa bwino, moti tsopano ndi iwo amene akuwafotokozera alongo anga. Vuto latsala pa nyengo. Miyezi itatu ikukwana mu Novembala, nthawi yeniyeni yobzala, ndipo iwo akunenetsa kuti sangakhale ku Lusaka mvula yoyamba ikugwa. Kuchokera kuno kukafika ku Katete ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 500, choncho sizingatheke kuti azikwera basi sabata iliyonse. Funso la abambo a ku Matero la mano ovala podikira nanenso ndikufuna kumva yankho lake. Ndikufunsanso za shuga, chifukwa mayi amadandaula kawirikawiri kuti mkamwa mwawo mumauma. Chomaliza, iwo afunsa ngati adzaloledwe kugona ndi manowo, chifukwa kumudzi amagona ndi adzukulu ndipo sakufuna kuti ana aziona mano a agogo awo ali m'kapu.

Wogwira ntchito m'chipatala cha mano, Kalingalinga

Amayi, ndiyankhe za shuga ndi za usiku, chifukwa zimenezi ndimakumana nazo tsiku ndi tsiku pa ntchito. Koma poyamba muwauze mayi kuti sali okha. Bungwe la World Health Organization limawerengera kuti padziko lonse anthu pafupifupi 23 pa 100 alionse a zaka 60 kapena kuposerapo alibiretu mano, ndipo chiseyeye chimene chinawathera mano ndi matenda amene amakula kwambiri mwa anthu odwala shuga, osati chizindikiro chakuti iwo anali osadzisamala.

Matenda a shuga saletsa munthu kuvala mano, koma amasintha zinthu zingapo. Shuga akakhala wokwera, zilonda zimachedwa kupola, choncho kudikira kumene dokotala wanena n'kofunika kwambiri kwa mayi kuposa kwa munthu wina, ndipo nthawi imeneyi igwiritsidwe ntchito poonetsetsa kuti shugayo watsika ndipo akuyezedwa pafupipafupi. Kuuma kwa mkamwa kungachokere ku shuga yemweyo kapena ku mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi, makamaka amene amakodzetsa. Amisiri afotokoza kale kuti mano a m'mwamba amagwira ndi malovu, ndiye mukhoza kuona kuti mkamwa mouma mano amagwedera, komanso pulasitiki imakhula nkhama n'kuyambitsa zilonda. Asasiye mankhwala paokha, koma akauze dokotala amene amawaona za kuthamanga kwa magazi, chifukwa nthawi zina amatha kusintha mtundu wa mankhwala. Azimwa madzi pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo asathetse kuumako ndi maswiti kapena zakumwa zotsekemera.

Za kugona ndi mano, yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo pa munthu wa shuga ndimaumirira kwambiri. Pansi pa pulasitiki pamakhala pofunda ndi ponyowa, ndipo pamenepa mafangasi otchedwa Candida amaswana mosavuta. Kumwamba kwa mkamwa kumafiira motsatira ndendende malire a pulasitiki, ndipo choopsa n'chakuti nthawi zambiri sikupweteka, moti munthu amakhala ndi matendawa miyezi osadziwa. Kuvala usiku ndi usana kumafulumizitsanso kutha kwa fupa, ndipo kwa okalamba kwambiri kumawonjezera mpata wodwala chibayo, chifukwa tizilombo ta pa mano akuda timalowa m'mapapo munthu ali m'tulo. Nkhawa yawo ya adzukulu ndi yomveka ndipo iyenera kulemekezedwa. Muwagulire kabokosi kapulasitiki kokhala ndi chivundikiro komanso kosaonekera mkati, azivula ana atagona ndi kuvala m'mamawa asanadzuke, ndipo akaike pamalo pamene ana ndi agalu sangafike.

Katsukidwe kake n'kosavuta. Akatha kudya azivula ndi kutsukuluza, ndipo kamodzi pa tsiku azitsuka bwinobwino ndi mswachi wofewa ndi sopo wamba, mkati ndi kunja komwe. Mankhwala otsukira mano a masiku onse ali ndi timchenga timene timakanda pulasitiki, ndipo phulusa, makala ndi mchenga zimawononga koposa. Potsuka aziweramira pa beseni la madzi, chifukwa mano ovala ambiri amasweka akapulumuka m'manja n'kugwera pa simenti. Usiku akhale m'madzi ozizira aukhondo, osati otentha, popeza madzi otentha amapinda pulasitiki ndipo ikapindika siingawongokenso. Nkhama, lilime ndi kumwamba kwa mkamwa nazonso azizipukuta ndi kansalu koyera kapena mswachi wofewa.

Chinthu chimene ndikupempha kuti musachiiwale ndi ichi. Chilonda chimene chayamba chifukwa cha kutsina kwa mano chimapola msanga akangopala malo otsinawo. Chilonda chilichonse, chotupa, kapena banga loyera kapena lofiira limene lakhala masabata opitirira awiri osasintha liyenera kuonedwa kuchipatala, chifukwa khansa ya mkamwa imayamba motero, makamaka kwa amene amasuta kapena kuika fodya mkamwa. Munthu wopanda mano amafunikabe kuunikidwa mkamwa kamodzi pa chaka. Popeza mayi amakhala ku Katete, mukafunse ku chipatala cha St Francis kapena ku Chipata Central Hospital za mmene angamawaonere akabwerera, ndipo ngati ali pa inshuwalansi ya NHIMA mufunse ntchito isanayambe kuti ndi mbali iti imene inu mudzalipire nokha.

Podikira pano, chakudya chawo chisachepe mphamvu chifukwa chosowa mano. Kapenta akhoza kukazingidwa pang'ono, kusinjidwa mpaka kukhala ufa n'kuthiridwa m'ndiwo zamasamba. Nyemba zipotedwe, nyama igayidwe kapena iphikidwe mpaka kunyenyeka, ndipo nsinjiro zilowe m'phala ndi m'masamba. Ndaona odwala shuga ambiri amene atatha mano anatembenukira ku tiyi wa shuga, buledi wonyika ndi phala loyera, ndipo shuga wawo anakwera pa nthawi imene tinkafuna kuti nkhama zipole.

Mmisiri wa mano, Kabwata

Abambo a ku Matero, mwanena zoona, ndipo funso lanu lili ndi yankho. Pali mano amene amapangidwa munthu asanazulidwe n'kuvekedwa tsiku lomwelo lozula, koma kwa mayiwa mwayi umenewo unadutsa. Chimene chingatheke tsopano, ngati dokotala ataona kuti zilonda zapoladi ndipo shuga ali bwino, ndi kupanga mano ongoyembekezera. Amenewa amapangidwa motsatira njira yomwe ija, koma banja liyenera kudziwiratu kuti pakapita miyezi ingapo adzayamba kugwedera, ndipo padzafunika kuwonjezera pulasitiki kunsi kwake kuti alinganenso ndi nkhama, kapena kupanga ena atsopano. Ndalama zimakwera, koma munthu amadya ndi kulankhula pagulu, komanso amaphunzira kuvala akadali ndi mphamvu. Kusiyana kwake ndi mano a tsiku limodzi aja n'kwakuti pano mukulipira mukudziwa chimene mukugula.

Amayi, pa za nyengo ndikuona njira ziwiri. Yoyamba ndi yakuti mano ongoyembekezerawo ayambidwe kumayambiriro kwa Okutobala, mayi apite nawo kumudzi atakonzedwa kale malo otsina, ndipo adzabwere akatha kukolola kuti adzawonjezeredwe pulasitiki, pamene nkhama zidzakhale zitakhazikika. Yachiwiri, ngati ndalama sizilola kulipira kawiri, ndi yakuti apite kukabzala ndi kupalira, n'kubwera chakumapeto kwa Januwale kudzapangitsa mano amodzi okhalitsa. Pa njira iliyonse, muwerengere kuti adzakhale kuno mwezi wathunthu kapena kuposerapo pang'ono, ndipo asakwere basi tsiku lotsatira atalandira mano. Ntchito yonse ichitikire pamalo amodzi, chifukwa muyeso wotengedwa ndi dokotala wina suyenda bwino m'manja mwa wina amene sanamuone wodwalayo.

Akakhala kumudzi, mano akayamba kutsina asawapale ndi mpeni kapena tupa, chifukwa amachotsa mphepete ija imene tinaivutikira pa ulendo wachiwiri. Angowavula, azitsukuluza mkamwa ndi madzi ofunda a mchere, ndipo tsiku lopita kuchipatala awavale kwa maola angapo kuti dokotala akaone pamene pafiira. Akasweka, atole zidutswa zonse n'kubwera nazo. Guluu wa m'sitolo amalumikiza zidutswa mokhota ndipo amawononga m'mbali mosweka, moti chimene tikanachikonza tsiku limodzi chimafuna kupangidwanso chonse. Mankhwala omatira mano ovala amene amagulitsidwa m'mafamase amathandiza akaikidwa pang'ono pa mano olingana bwino, koma munthu akayamba kuwathira ochuluka tsiku ndi tsiku ndiye kuti nkhama zasintha ndipo manowo akufunika kuonedwa. Ngakhale mano opangidwa bwino amafuna kusinthidwa pakapita zaka zisanu mpaka 10, chifukwa amaperepeseka ndipo fupa limapitiriza kuphwa.

Ngati a m'munsi atadzakanika ngakhale mutayesetsa zonsezi, pali njira yoika tizitsulo tiwiri ta titanium totchedwa implant m'fupa la nsagwada ya m'munsi, ndipo mano ovala amakolekedwa pamenepo koma amavulidwabe usiku. Akatswiri amene anakumana pa yunivesite ya McGill ku Canada m'chaka cha 2002 anagwirizana kuti imeneyi ndiyo njira yoyenera kuganiziridwa poyamba kwa munthu wopanda mano a m'munsi. Mtengo wake ndi wokwera kwambiri, imafuna opaleshoni yaing'ono ndi fupa lokwanira, ndipo kwa wodwala shuga dokotala amayamba watsimikiza kuti shugayo wakhala wotsika kwa nthawi ndithu. Kwa mayi anu sindikuona chifukwa choyambira pamenepo, popeza anazulidwa posachedwa ndipo fupa lawo likadali lokwanira kunyamula mano ovala wamba. Mukapitanso kwa dokotala, mutenge buku lawo la shuga ndi mapaketi a mankhwala onse amene amamwa, ndipo mumufotokozere za ulendo wa kumudziwo kuti masiku a maulendo asanu aja awakonze mogwirizana ndi nyengo yobzala.